Zala za Mulungu pa mapu a kuthambo: zomwe tinakambirana pa gulu la aphunzitsi a sayansi ku Mchinji

aZulu (Kamwendo): Mwaswera bwanji nonse. Funso langa lipite kwa Naphiri, poti ndi iye ali kufupi ndi madishi omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo aja. Lachisanu ndimaphunzitsa a Fomu 4 za Doppler. Ndinapereka chitsanzo cha ambulansi ikamadutsa pa M12 kulowera ku Lilongwe: ikamabwera kulira kwake kumakwera, ikangotidutsa kumatsika. Mnyamata wina anakweza mkono nkufunsa kuti, ngati akatswiri amadziwa mtunda wokafika ku mlalang'amba (chigulu chachikulu cha nyenyezi) poona mmene kuwala kwake kwafiirira, nanga mlalang'ambawo ukakhala kuti uli paulendo wakewake, mtundawo sunama? Ndinamuuza kuti tikambirana Lolemba. Lolembalo ndi mawa.

Nangozo (Boma): "Tikambirana Lolemba" ndi yankho la mphunzitsi aliyense amene zamuthina 😂

Naphiri (Cape Town): Ndaswera bwino aphunzitsi, kaya inu. Mwanayo mukamuuze kuti funso lakelo ndi lomwe landigonetsa mochedwa chaka chachiwiri tsopano. Eya, mtundawo umanama, ndipo timadziwa kuti ukunama. Ndilemba modukizadukiza, ndili m'basi.

Naphiri (Cape Town): Ndiyambire pa zomwe timamvera. Atomu ya haidirojeni ili ndi pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi, ndipo chilichonse chili ngati kamaginito. Nthawi zina elekitironi ija imatembenuka, atomu nkutulutsa funde la wailesi lotalika masentimita 21, lomwe limamveka pa 1420 MHz. Atomu imodzi imatha kudikira zaka pafupifupi 10 miliyoni isanatembenuke, koma mpweya umenewu ndi wochuluka kuthamboko kuposa wina uliwonse, ndiye kaphokosoko sikatha. Hendrik van de Hulst wa ku Netherlands ananeneratu za funde limeneli mu 1944, nkhondo ili mkati. Ewen ndi Purcell analigwira ku Harvard mu 1951.

Tsono chilengedwe chikufutukuka, ndipo funde likamayenda limatamuka nacho; muyeso wa kutamukako timautcha redshift, ndipo umakula chinthu chikakhala kutali. Lochokera pafupi limafika pa 1420 pomwepo. Lochokera pa redshift 0.4 limafika cha pa 1015 MHz, la pa redshift 1 limafika pa 710 MHz.

aBanda (okonza mawailesi, Boma): Dikirani achemwali. Ndiye kuti mtunda mumauwerenga ngati mmene timasakira siteshoni? Ukapotokola kutsika ndiye wapita kutali?

Naphiri (Cape Town): Mwalasa aBanda. Kumanja ndi kumanzere, kumwamba ndi kumunsi timayeza ndi komwe dishi yaloza. Koma kuya kwa mapu, kuti ichi chili kutsogolo icho kumbuyo, tilibe tepi yoyezera. Tili ndi frequency basi. Bodza lija limalowera pakhomo limeneli. Mlalang'amba ukakhala kuti, kuwonjezera pa kufutukuka kwa chilengedwe, ukutithawa pa liwiro lakelake la makilomita 300 pa sekondi, funde lake limatsika ndi pafupifupi 1.4 MHz, ife nkuuika patali kuposa pomwe uli. Ukamabwera kuno timauika pafupi.

aMwale (opuma, Mkanda): Mwanawe, 300 pa sekondi kapena pa ola?

Naphiri (Cape Town): Pa sekondi, aphunzitsi. Ndipo limenelo ndi liwiro wamba. Kagulu kathu kano, ka Mlalang'amba wathu ndi Andromeda ndi timilalang'amba tina, kakuyenda pa makilomita 600 ndi kupitirirako pang'ono pa sekondi. Andromeda yemweyo akubwera kuno pa makilomita 110 pa sekondi, moti mukamuyeza ndi lamulo la Hubble, loti chomwe chikutithawa mwaliwiro kwambiri ndiye chili kutali kwambiri, mupeza mtunda wochepera ziro.

aZulu (Kamwendo): Imeneyo ndailemba, ana aseka. Tandilolani ndiyese masamu. Hubble constant ndi pafupifupi 70, kutanthauza makilomita 70 pa sekondi pa megaparsec iliyonse. Ndiye 300 kugawa ndi 70 ndi 4.3. Megaparsec imodzi ndi mtunda womwe kuwala kumayenda zaka 3.26 miliyoni. Ndapeza zaka 14 miliyoni. Mukulakwitsa ndi mtunda wonsewo koma nkumati muli ndi mapu?

Naphiri (Cape Town): 😂 Masamu ali bwino. Koma kulakwitsako kuli ndi dongosolo, ndipo dongosololo ndi lomwe tikulisaka. Ndatsika basi, ndilembe bwino tsopano.

Mukukumbuka mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikatuluka, wina nkuyatsa nyali pabwalo? Ngumbi zakutali zonse zimalunjika kunyali, za kum'mawa kulowera kumadzulo, za kumadzulo kulowera kum'mawa, mwadongosolo. Zomwe zafika kale panyali zimangozungulira mopenga, ina uku ina uko. Nyaliyo ndi malo omwe zinthu zaunjikana kuthamboko, mphamvu yokoka ikukokera zonse pamenepo. Milalang'amba ndiye ngumbizo.

Titenge zakutali kaye. Ife taima chapatali tikuyang'ana nyali. Ngumbi zomwe zili pakati pa ife ndi nyali zikutithawa, ndiye mapu amazikankhira kumbuyo, kufupi ndi nyali. Zomwe zili kuseri kwa nyali zikubwera mbali yathu, mapu amazikokera kutsogolo, kufupinso ndi nyali. Zomwe zikuchokera kumanja ndi kumanzere sizikutithawa, sizikutiyandikira, mapu sazisuntha. Mapeto ake, gulu lomwe ndi lozungulira ngati mpira limaoneka lophwatalala ngati chitumbuwa chomwe mwana wachikhalira, ndipo limaoneka lothithikana kuposa mmene liliri. Nick Kaiser ndi amene analemba masamu ake mu 1987, nchifukwa chake timati Kaiser effect.

Nangozo (Boma): Nanga zopenga zapanyali zija?

Naphiri (Cape Town): Zimenezo zimachita zosiyana. Zonse zili malo amodzi, koma ina ikubwera kuno mwaliwiro, ina ikuthawa mwaliwiro. Mu gulu lalikulu la Coma, lomwe lili pa mtunda wa zaka zoposa 300 miliyoni za kuyenda kwa kuwala, milalang'amba imayenda motere pa makilomita pafupifupi 1000 pa sekondi. Pa masamu a aZulu aja, ndi ma megaparsec 14 kutsogolo, 14 kumbuyo. Gulu lozungulira limasanduka mzere wautali woloza kwa ife. Mukayang'ana mbali ina ya thambo, gulu la kumeneko nalonso likuloza kwa ife. Akatswiri anazitcha Zala za Mulungu.

aMwale (opuma, Mkanda): Dzina limenelo silikundisangalatsa. Ife mawu amenewo timawadziwira kwa amatsenga a Farao aja atagonja. Anthu ophunzira nkumatcha cholakwika cha pa mapu awo ndi dzina la Chauta?

Naphiri (Cape Town): Ndakumvani aphunzitsi, ndipo si inu nokha amene silimawakomera. Dzinali ndi lakale, la m'zaka za m'ma 1970. Jackson ndi amene anafotokoza za kutamukako mu 1972. Mmene ine ndimalimvera, muli chenjezo mkati mwake: ukaona thambo lonse likukuloza iwe, usadzimve kuti uli pakati pa chilengedwe, dziwa kuti wayeza molakwika. Munthu wokhala ku mlalang'amba wina angaonenso zala zikuloza iye.

aMwale (opuma, Mkanda): Chabwino. Koma ine ndizingoti zala.

aBanda (okonza mawailesi, Boma): Ine funso langa ndi la umisiri. Wailesi ikamachita phokoso timasefa. Bwanji osangosefa mayendedwewo mapu nkuwongoka?

Naphiri (Cape Town): Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri ndikamawafotokozera ntchito yanga, chifukwa amaona ngati ndimachapa mapu akuda. Kuphwatalala kwa Kaiser kuja sitifuna kukuchotsa ngakhale pang'ono. Ndi kumene kumatiuza liwiro lomwe zinthu zikuunjikana nalo m'chilengedwe. Chithunzi wamba chimangoonetsa pomwe ngumbi zili. Kuphwatalalaku kumaonetsa mphamvu yomwe nyali ikuzikoka nayo.

Liwiro la kuunjikanako timalitcha f. Ngati Einstein analondola pa nkhani ya mphamvu yokoka, f ayenera kukhala pafupifupi Omega m kukweza ku 0.55, pomwe Omega m ndi gawo la chilengedwe lomwe ndi zinthu zolemera, zooneka ndi zosaoneka zomwe. Lero gawolo ndi cha pa 0.3, ndiye f ndi cha pa 0.5. Kale, pa redshift 1, anali pafupi ndi 0.87. Tikayeza nkupeza zosiyana kwambiri ndi zimenezi, ndiye kuti pa mitunda ikuluikulu mphamvu yokoka sigwira ntchito mmene timaganizira. Nkhani yake ndi yaikulu choncho.

aZulu (Kamwendo): Tiyikireni fomula, ife a masamu tione.

Naphiri (Cape Town): Mwachidule: mphamvu ya mawangamawanga a pa mapu, malo othithikana ndi osathithikana, imachulukitsidwa ndi (b + f μ²)². Chilembo μ ndi cosine ya ngodya pakati pa mbali yomwe mawangawo akuyalidwira ndi mzere womwe tikuyang'anira. Chopingasa μ ndi 0, molunjika kwa ife μ ndi 1. b ndi kukondera kwa haidirojeni, chifukwa mpweyawu sugawidwa ndendende mmene dark matter, zinthu zolemera zosaoneka zija, yagawidwira, umakonda malo ena. Yesani b = 1, f = 0.5.

aZulu (Kamwendo): Chopingasa 1. Molunjika 1.5 kuchulukitsa ndi 1.5, 2.25. Eee, kuposa kawiri!

Naphiri (Cape Town): Ndi zimenezo. Chilengedwe chilibe mbali yomwe chimaikonda, ndiye kusiyana kwa chopingasa ndi cholunjika kukuchokera ku mayendedwe. Koma fomulayi imagwira bwino pa mitunda ikuluikulu yokha. Mukatsikira ku mitunda yaing'ono, zala za aMwale zimayamba kufufuta mawanga molunjika, ndiye timachulukitsanso ndi chinthu china chomwe chimacheperachepera, chodalira nambala yotchedwa sigma, yoimira kupenga kwa liwiro.  Vuto ndi loti ziwirizi zimakokerana: Kaiser akukweza, zala zikutsitsa. Ukalakwitsa sigma, f nayenso walakwika, ndiye ukhoza kudzuka m'mawa nkulengeza kuti Einstein anaphonya, pomwe waphonya ndi iwe.

Nangozo (Boma): Ine ndatsalira pang'ono. Zonsezi zikumveka ngati ndi za milalang'amba. Haidirojeni akubwera pati? Bwanji osangowerenga milalang'ambayo?

Naphiri (Cape Town): Amawerengadi achemwali, ndi matelesikopu a kuwala, umodziumodzi, ndipo zimatenga zaka. Ife timachita ngati munthu waima pa phiri tsiku la msika, maso ali chitsinzire. Sangasiyanitse mawu a wogulitsa tomato ndi a wa kaunjika, koma akhoza kuloza kuti uko kuli anthu ambiri, uku ochepa. Dishi imodzi ya MeerKAT, telesikopu ya wailesi ya kuno ku South Africa, imaona kachigawo ka thambo kotambalala pafupifupi digiri imodzi, kuwirikiza kawiri kukula kwa mwezi mmene timauonera, ndipo m'menemo muli milalang'amba yambirimbiri yomwe phokoso lake timalimva pamodzi. Njirayi imatchedwa intensity mapping. Kuyambira pomwe nyenyezi zoyamba zinatentha mpweya wa pakati pa milalang'amba, chilengedwe chisanakwanitse zaka pafupifupi 1 biliyoni, haidirojeni wosatenthedwa anatsalira mkati mwa milalang'amba momwemo. Ndiye komwe mlalang'amba ukupita, mpweya wake ukupita nawo.

Koma zala za haidirojeni si zofanana ndi zala za milalang'amba, ndipo apa ndi pomwe pali pepa langa. Choyamba, mlalang'amba ukagwera m'gulu lalikulu ngati Coma, umadutsa mu mpweya wotentha kwambiri womwe umaukolopola haidirojeni wake, monga mphepo imachotsera mankhusu popeta. Gunn ndi Gott anafotokoza zimenezi mu 1972. Ndiye ngumbi zopenga kwambiri zija nthawi zambiri zilibe mawu pa 1420. Izi zimafupikitsa zala.

Chachiwiri chimazitalikitsa. Mpweyawo mkati mwa mlalang'amba ukuzungulira. Wathuwu umazungulira pa makilomita 220 pa sekondi kapena kupitirira pang'ono. Munthu wouonera cham'mbali akuona mbali ina ikubwera, ina ikupita. aZulu, gawaninso ndi 70.

aZulu (Kamwendo): 3.1 megaparsec, zaka 10 miliyoni mbali iliyonse, zonse pamodzi 20 miliyoni. Koma Mlalang'amba wathu si zaka 100,000 zokha m'mimba mwake?

Naphiri (Cape Town): Eya. Chinthu cha zaka 100,000 chimajambulika ngati ulusi wa zaka 20 miliyoni, kutamuka ka 200. Owerenga milalang'amba alibe vuto limeneli, amangotenga liwiro la pakati nkuika kadontho. Ife sitiona mlalang'amba pawokha, ndiye ulusiwo umalowa m'mapu wonse. Ukangobwereka sigma kwa anzathu a matelesikopu a kuwala, wabwereka nsapato ya mwini.

aMwale (opuma, Mkanda): Ndiye mumadziwa bwanji nambala yoyenera, poti kumeneko simunapiteko?

Naphiri (Cape Town): Timaumba chilengedwe chabodza mu kompyuta. Timaika tizidutswa mamiliyoni ambirimbiri m'bokosi, kompyuta nkumawerengera mmene tikukokerana kwa zaka mabiliyoni. Zina, monga IllustrisTNG, zimawerengeranso mpweya ndi kubadwa kwa nyenyezi. M'menemo timadziwa pomwe chilichonse chili ndi liwiro lake, chifukwa tachiumba ndife. Timajambula mapu awiri, oona ndi onama, kenako timayesa fomula yathu pa onamawo kuti tione ngati ibweza f yemwe tinaikamo. Ikabweza, timaona kuti imasiya kugwira ntchito pa mtunda uti. Ntchito yanga yambiri ndi kupeza malire amenewo. Si yokoma kuifotokoza pa ukwati.

Nangozo (Boma): Nchifukwa chake amayi ako amangoti "amawerenga nyenyezi" 😂

aBanda (okonza mawailesi, Boma): Pepani ndinasowa, magetsi anathima foni nkuzima. Ndawerenga zonse. Koma kaphokoso kochokera kutali choncho, ndi mafoni onsewa, mumakamva bwanji?

Naphiri (Cape Town): Movutika, aBanda. Nchifukwa chake MeerKAT anaimanga ku Karoo, cha ku Carnarvon, kouma kopanda anthu ambiri, ndipo kuli lamulo loteteza derali ku mafunde a wailesi. Ndi madishi 64, iliyonse mamita 13.5, anaitsegulira mu 2018. Koma mdani wamkulu si foni. Ndi Mlalang'amba wathu womwewu, umene umalira pa wailesi mokweza kuwirikiza 10,000 kapena kuposa poyerekeza ndi zomwe tikusaka. Zili ngati kumvera munthu akunong'ona kutsidya la Bua pomwe pakhomo pako pali chimkuzamawu cha chinkhoswe.

Chomwe chimatipulumutsa ndi choti phokoso la Mlalang'amba wathu limasintha mosalala ukamapotokola frequency, pomwe la haidirojeni wakutali limadumphadumpha. Timachotsa chosalalacho. Koma taonani tsoka lake: mawanga akuluakulu oyalidwa molunjika kwa ife nawonso amaoneka osalala, ndipo ndi momwe Kaiser ali woyera kwambiri. Timataya mbewu ina pamodzi ndi udzu. Mbali inayi, dishi imaona mosawala bwino chopingasa, zomwe zimabweretsa kusiyana kwina kwa chopingasa ndi cholunjika komwe sikukuchokera kuthambo. Zonsezi ziyenera kulowa m'masamu, apo ayi uyesa chilema cha dishi yako ndi mphamvu yokoka.

aZulu (Kamwendo): Ndiye zinatheka kale kapena ndi maloto?

Naphiri (Cape Town): Kumva haidirojeni wakutali mwa njirayi kunatheka. Mu 2010 gulu la Tzu-Ching Chang linagwiritsa ntchito dishi ya mamita 100 ya ku Green Bank ku America, nkufananitsa mapu awo ndi a milalang'amba yodziwika kale cha pa redshift 0.8. MeerKAT inachitanso chimodzimodzi cha pa redshift 0.4, pofananitsa ndi kalembera wa milalang'amba wotchedwa WiggleZ. Telesikopu ya CHIME ya ku Canada, yomwe imamvera pakati pa 400 ndi 800 MHz, nayonso inatero. Kuyeza f molondola ndi haidirojeni ndiye ntchito yomwe tikuikonzekera. SKA, telesikopu yaikulu ya wailesi ya mayiko ambiri yomwe anayamba kuimanga mu Disembala 2022, idzakhala ndi madishi 197 ku Karoo, kuphatikizapo a MeerKAT. Pali phindu linanso lomwe ndimalikonda: kuwala kwa mapu athu kumadalira kuchuluka kwa haidirojeni kuchulukitsa ndi b, ndipo chopingasa chokha sichingatiuze kuti mbali ya uyu ndi iti, ya uyo ndi iti. Mu fomula ija f alibe b pambali pake, ndiye kufananitsa mbali ziwiri zija kumathandiza kuzilekanitsa.

Nangozo (Boma): Malawi ali momo mu SKA?

Naphiri (Cape Town): Ayi. Mayiko a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi ndi 8: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia.

aZulu (Kamwendo): Zambia! Ndiye kuti thambo limathera pa Mwami? A ku Chipata ali momo, ife makilomita ochepa kuno ayi. Mozambique nayenso. Atizinga mbali zonse ife tili gone.

aMwale (opuma, Mkanda): Musayambe ndale usiku uno. Ine ndikufuna ndibwereze ndione ngati ndamva. Zakutali zikugwera pamodzi, mapu aphwatalala, chimenecho ndi chomwe mukufuna. Zapafupi zikupenga, mapu atamuka, chimenecho mukungofuna kuchidziwa bwino kuti chisakusokonezeni. Ndalondola mwanawe?

Naphiri (Cape Town): Mwakhoza aphunzitsi, 10 pa 10. Inu munkandipatsa 6 😂

aMwale (opuma, Mkanda): Unkalemba mothamanga.

aBanda (okonza mawailesi, Boma): Achemwali, kushopu kuli madishi a DStv atatu omwe eni ake sanabwerenso kudzatenga. Sangagwire 1420?

Naphiri (Cape Town): Zakutali zija ayi, musadzivute. Koma haidirojeni wa mu Mlalang'amba wathu amagwirika ndi zipangizo zapakhomo, anthu ambiri amachita. LNB ija, yolandirira mafunde patsogolo pa dishi, muichotse, imamvera cha pa 11 ndi 12 GHz, kutali kwambiri. M'malo mwake pamafunika chitini chotambalala masentimita 15 kapena 16, ndi kawaya ka kopa ka masentimita 5.3 kobayidwa cham'mbali, komwe ndi kota ya 21. Kenako amplifier ya 1420 MHz ndi ka dongle ka RTL-SDR, kawailesi kolowetsa mu laputopu. Dishi ikhale yaikulu mmene mungapezere, mita imodzi kapena kuposa, zing'onozing'ono zija zimavuta. Mukaloza mbali zosiyana za Mlalang'amba muona nsonga ikusuntha pang'ono kuchoka pa 1420.4, chifukwa mpweyawo ukubwera kapena ukupita. Ndi Doppler yemweyo wa ambulansi ya aZulu.

aBanda (okonza mawailesi, Boma): Imodzi ndi ya 90 cm. Pali inanso yakalekale ya mawaya kuseri kwa nyumba ya alamu anga, nkhuku zimagonapo, imeneyo ikhoza kukwana mamita awiri.

Naphiri (Cape Town): Ya nkhukuyo ndiye yabwino! Ka dongle ndi amplifier ndibwera nazo pa Khirisimasi, sizilemera.

aZulu (Kamwendo): Ine laputopu ndili nayo, batire lake lokha ndi lomwe linafa. Mnyamata uja ndibwera naye, adzagwire chitini. Naphiri, chitumbuwa chija chimaphwatalala mbali iti, ndisakasokoneze mawa?

Naphiri (Cape Town): Molunjika kwa woyang'ana, kutsogolo ndi kumbuyo. Mujambule diso kumunsi kwa bolodi kaye musanajambule china chilichonse.

Nangozo (Boma): aBanda, mukafunse alamu anuwo msanga, nkhuku zipeze pogona pena.